Peugeot ya a Malume Siyokayezedwa pa Sikelo

Kuseri kwa galaja ina ku Maselema, mukangopatuka pang'ono kuchoka mu msewu wa Masauko Chipembere, pali galimoto yomwe yakhala pa njerwa zaka 6 tsopano. Ndi Peugeot 504 ya station wagon, ija yaitali kumbuyo, ya mizere itatu ya mipando. Penti yake inali yoyera, koma lero ikuoneka ngati phulusa. Galasi lakumbuyo linang'aluka, matayala anatha kalekale, ndipo nkhuku za a mlonda zinapeza poikira mazira pansi pa mpando wapakati. Galimotoyi ndi ya a malume anga.

Mwezi watha kunabwera anyamata ogula sikirapu. Anaizungulira kawiri, wina anagogoda chitseko ndi sipanala kuti amve kulemera kwa chitsulo, kenako anatchula mtengo wowerengera pa kilo. Ndalama yake siingagule ngakhale foni yabwino. A malume sanayankhe. Koma kunyumba nkhaniyi yavuta, chifukwa msuweni wanga akufunika fizi ya chaka chachiwiri, ndipo akazi awo a malume akufunsa funso lomveka: kodi mwana asiye sukulu chifukwa cha chitsulo chomwe chikungodya dzimbiri?

Nditafotokozera anzanga ku hostel kuti ine ndikukana kuti galimotoyi ipite ku sikirapu, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mmodzi anati, "Aise, anzako akulirira Mark X, iwe ukulirira chiphapha?" Kuseka kumeneku ndiye kwandilembetsa nkhaniyi. Akazi awo a malume ndilibe nawo mlandu, iwo akuganiza za mwana. Mlandu wanga uli ndi ife ophunzira, ife amene timadzitama kuti tinatsegula maso, koma chinthu chilichonse chimene chakalamba m'manja mwa Mmalawi timachiona ngati zinyalala mpaka mlendo atabwera kudzatiuza mtengo wake.

Tiyambe ndi kudziwa chimene tikuseka. Peugeot 504 inatuluka ku France mu 1968, ndipo thupi lake linajambulidwa ndi kampani ya Pininfarina ya ku Italy, yomweyo imene inajambula magalimoto ambiri a Ferrari. Mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto ya chaka ku Ulaya. Ya station wagon inabwera pambuyo pake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo sikuti anangotenga ya saluni n'kuikapo denga lalitali. Anaitalikitsa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, n'kuika ekiselo yolimba kumbuyo yokhala ndi masipuling'i anayi, awiri mbali iliyonse, kuti izisenza katundu popanda kukhala pansi. Mtundu umene a malume ali nawo ankautcha Familiale, kutanthauza ya banja, ndipo umanyamula anthu 7 aliyense pa mpando wake. Azungu atasiya kuipanga kwawo mu 1983, Africa sinaisiye. Ku Kenya ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000.

Wina anena kuti galimoto yonyamula banja ndi matumba singakhale ya mpikisano. Ameneyo afufuze mbiri ya Safari Rally, mpikisano wa ku East Africa umene unkaswa magalimoto ngati mazira. Mkulu wake wa 504, Peugeot 404, anapambana mpikisanowu mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 magalimoto 7 okha ndi amene anafika kumapeto, ndipo yoyamba inali 404 yoyendetsedwa ndi Nick Nowicki. Mu 1975 Ove Andersson anapambana ndi 504, ndipo chaka chomwecho Hannu Mikkola anapambana nayo mpikisano wa ku Morocco. Mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anatenganso Safari ndi 504 ya zitseko ziwiri ya injini ya V6. Ndivomereze, zimene zinapambanazo sizinali za station wagon. Koma ndi za m'mimba imodzi, ndipo ya a malume inkathamanga mpikisano wakewake sabata iliyonse, m'matope a dzinja, ili ndi anthu ndi katundu, popanda gulu la amakaniko loithamangira kumbuyo.

Galimotoyi anaigula ndi a gogo anga aamuna m'zaka za m'ma 1980 atapuma ntchito ya njanji ku Limbe. Anaigula yogwirapo kale ntchito. Kuchokera pamenepo mbiri ya banja lathu inadutsa m'zitseko zake. Ndiyo inanyamula mayi anga pa tsiku la ukwati wawo. Ndiyo inawathamangitsira ku Queens usiku umene ndinabadwa. Chaka chilichonse ikatha nyengo yokolola inkabwera kuchokera kumudzi ku Chiradzulu itadzaza chimanga, nandolo ndi mbatata, nkhuku zitamangidwa miyendo padenga. A gogo atamwalira, mipando yakumbuyo inapindidwa, ndipo bokosi lawo linalowa bwinobwino. M'dera lathu munalibe ambulansi yoti munthu angaiyembekezere pakati pa usiku, choncho anthu ankagogoda pakhomo pa a gogo. Sindikukhulupirira kuti banja lathu lokha ndilo lili ndi nkhani yotere. Funsani akuluakulu a ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa za Peugeot ya m'dera lawo, muone ngati sakuuzani dzina la mwini wake ndi maliro amene inanyamula.

Ndipo si kuno kokha. Amalawi amene anakhala ku Harare m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira ma emergency taxi, omwe ambiri anali ma Peugeot 404 ndi 504 a station wagon, anthu atapanikizana mpaka kumbuyo kwenikweni. Ku Senegal galimoto zoyenda maulendo ataliatali amazitcha sept-place, kutanthauza malo 7, dzina lochokera pa mipando ya Peugeot yomweyi. Anthu a ku France anapanga galimoto, koma amene anaipatsa ntchito yeniyeni ndi ife. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati kusunga galimoto yotere ndi kulirira nthawi ya atsamunda. 504 inabadwa patapita zaka 4 dziko lino litalandira ufulu. Amene anaiyendetsa, kuikonza ndi kuikalambitsa ndi makolo athu, ndi ndalama za thukuta lawo.

Tsopano taonani chinyengo chathu. Mnzanga amene anandiseka uja foni yake yadzaza zithunzi za magalimoto akale a ku Ulaya ndi ku America. Akaona pa Instagram mzungu wa ndevu zoyera ataimika Mercedes ya mu 1975 pa kapinga, amalemba kuti "class". Akaona nkhalamba ya ku Chilomoni ikukankha galimoto ya chaka chomwecho, amajambula kavidiyo koti anthu aseke. Galimoto ndi imodzimodzi, zaka ndi zomwezo. Chasintha ndi khungu la mwini wake ndi kapinga wa pansi pake. Tinaphunzira kuti chakale cha mzungu ndi chuma, chakale cha Mmalawi ndi umphawi. Maphunziro amenewa palibe anatilembera pa bolodi, koma tinawakhoza bwino kuposa masamu.

Kunja kuno anthu anaika malamulo oteteza zinthu zoterezi. Ku Britain galimoto ikakwana zaka 40 imatha kulembetsedwa ngati ya mbiri, ndipo mwini wake salipiranso msonkho wa pa msewu. Ku France galimoto ya zaka 30 imatha kupatsidwa chiphaso chapadera cha magalimoto osungidwa. Ku America lamulo limalola kulowetsa galimoto ya zaka 25 ngakhale isakugwirizana ndi miyezo ya chitetezo ya masiku ano, ndipo lamulo limeneli lakweza mitengo ya magalimoto akale a ku Japan monga Nissan Skyline. Izi zikutanthauza kuti pali msika, pali anthu amene akusakasaka, ndipo intaneti yawafupikitsira dziko. Tsiku lina munthu adzaima pa galaja ya ku Maselema ija, adzayang'ana nambala ya chesesi, adzapereka kandalama kooneka kambiri m'maso mwathu, ndipo galimoto idzakwera thiraki kulowera ku Mwanza. Tidzaionanso pa foni itapakidwa penti, mtengo wake uli m'madola, ndipo mnzanga uja adzalemba kuti "class".

Kuno kwathu zinthu zili mwina. Msonkho wolowetsera galimoto umakwera galimoto ikakhala yakale, ndipo chifukwa chake n'chomveka: dziko lisasanduke dzala la magalimoto otha a mayiko ena. Sindikutsutsa zimenezo. Koma ganizirani zotsatira zake. Ma Peugeot, ma Datsun, ma Land Rover ndi ma Bedford amene alipo m'dziko muno ndi omwewo basi. Palibe amene adzaitanitse ina kudzalowa m'malo mwa yophwanyidwa. Iliyonse imene ikupita pa sikelo yapita mpaka kalekale. Ndani pakati pa inu angandionetse basi imodzi ya UTM yomwe agogo athu ankakwera? Nanga ya Stagecoach, ya dzulodzuloli? Timangomva m'nkhani, ngati nthano za kalulu.

Ndikudziwa zimene mukufuna kundiyankha, ndipo sindizithawa.

Choyamba, mukuti dziko lili pa moto. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta timawagonera pa mzere, omaliza maphunziro akuyenda ndi ma envelopu a khaki m'tauni popanda ntchito. Nthawi yotere munthu n'kumakamba za galimoto yakale? Funso ili ndi lolemera, ndipo m'banja mwathu lili ndi nkhope ya msuweni wanga. Yankho langa ndi lakuti umphawi ndiye chifukwa chachikulu chodziwira mtengo wa chimene uli nacho. Wolemera akagulitsa chinthu motchipa amangodandaula. Wosauka akatero wataya chuma chokhacho chimene anali nacho. Ngati a malume adzakakamizika kugulitsa, agulitse galimoto ngati galimoto, yolira, ya mapepala ake, kwa munthu amene akudziwa chimene akugula. Kuigulitsa pa kilo kuli ngati kugulitsa ng'ombe ya mkaka pa mtengo wa chikopa. Fizi ya chaka chimodzi siikwana n'komwe, ndipo chaka chamawa sipadzakhalanso chogulitsa.

Chachiwiri, mukuti magalimoto akale ndi oopsa komanso amawononga mpweya. Zoona. 504 ilibe ma airbag, ilibe mabuleki a ABS, ndipo kabuleta yake imamwa petulo kuposa Vitz. Sindikunena kuti a malume aiike pa msewu wa Limbe ndi Blantyre kuti izilimbirana anthu ndi ma Sienta. Nthawi imeneyo inatha. Galimoto yosungidwa imayenda mwa apo ndi apo: pa ukwati, pa chionetsero, Lamlungu masana. Utsi wa galimoto yoyenda kangapo pa mwezi sungafanane ndi wa maminibasi amene timakwera tsiku ndi tsiku osadandaula. Ndipo ikafuna kulowa pa msewu iyenera kukhoza COF ngati ina iliyonse. Pamenepo sindipempha chifundo.

Chachitatu, mukuti kusunga magalimoto ndi masewera a anthu olemera. Apa ndipamene ndikugwirizana nanu theka. Nanenso sindikondwa ndi munthu amene amagula galimoto yakale n'kuitsekera m'nyumba, kuiphimba ndi nsalu, kudikira kuti mtengo ukwere. Ameneyo sakusiyana ndi wobisa chimanga nthawi ya njala. Koma kusiya nkhaniyi m'manja mwa olemera okha ndiye kuwapatsa mphatso. Iwo akudziwa kale mtengo wa zinthuzi. Amene sakudziwa ndi mayi wamasiye wa ku Machinjiri amene galimoto ya malemu amuna ake ili kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wake wa digiri akumuuza kuti aichotse ikunyansitsa pakhomo.

Pali chinanso chimene chikutayika, chomwe kwa ine chikuposa chitsulocho. Mwini galaja ija ndi bambo wachikulire amene anayamba umakaniko ndisanabadwe. Tsiku lina ndinawafunsa ngati galimotoyi ingadzukenso. Anatsegula boneti, anapukusa injini ndi dzanja, n'kunena kuti, "Mwana wanga, injini iyi sinagwire. Ndipatseni batire, mapulagi ndi petulo pang'ono, mumva yokha." Bambo amenewa amadziwa vuto la injini pongomvera kulira kwake. Amachuna kabuleta ndi khutu, amasula gasiketi pa katoni, amadziwa sipeya ya galimoto ina imene ingalowe pa inzake. Anyamata amene akuphunzira ntchito pa galaja yomweyo akukula ndi magalimoto a ku Japan olowera ku Dar es Salaam ndi ku Beira, amene ukafuna kudziwa chavuta umalumikiza kompyuta, kenako umachotsa chowonongekacho n'kuitanitsa china. Luso limenelo ndi lofunika, sindikulinyoza. Koma ndi luso losintha zipangizo, ndipo limadalira ndalama zakunja zimene dziko lino lilibe. Luso la bambo aja ndi lopanga chinthu kuti chikhale moyo pamene sipeya palibe. M'dziko losowa madola, ndi luso liti limene tiyenera kulisunga ngati mbewu?

Ife amene tikuphunzira za uinjiniya timajambula magiya pa pepala ndi pa kompyuta, koma ambiri sitinagwirepo giyabokosi yotsegula. 504 ndi buku lotseguka. Chilichonse chimaoneka ndi maso: mmene petulo amasakanikirana ndi mpweya, mmene moto umafikira ku mapulagi, mmene mphamvu imachokera ku injini kukafika ku difu. Galimoto imodzi yotere, makaniko mmodzi wachikulire ndi ophunzira khumi, pa semesita imodzi angaphunzire zimene zithunzi za pa projekita sizingawapatse. Koma timachita manyazi kukhala pansi pa mapazi a munthu wopanda digiri. Timati tsobola wakale sawawa, pamene sitinamulawe n'komwe.

Si kuti Amalawi sitidziwa kusunga. Mandala House yaima kuyambira 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamalizidwa mu 1891, timapita nacho alendo monyadira. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndipo aliyense amene anaikwerapo amaikamba ngati mbale wake. Ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Maselema, panja pali makina akale a nthunzi amene ana asukulu amajambulitsapo. Koma taonani mndandandawo bwino. Zambiri ndi za amishoni, za makampani ndi za boma. Za munthu wamba zili kuti? Njinga ya mtengatenga wa kumudzi, makina osokera a telala wa pakhonde, wailesi imene mudzi wonse unkamverera mpira, galimoto ya wantchito wa njanji wopuma. Mbiri imene tikusiyira ana athu ikunena kuti m'dziko muno munadutsa abwana okhaokha.

Ndiye ndikupempha chiyani? Zinthu zochepa, ndipo zambiri sizifuna ndalama.

Ngati kwanu kuli galimoto yakale, musanaitane a sikirapu, ijambuleni mbali zonse. Lembani nambala yake, nambala ya chesesi ndi ya injini. Funafunani blue book yake m'masutikesi a agogo. Khalani pansi ndi wamkulu amene akuidziwa, mutsegule foni, akufotokozereni kumene inachokera ndi kumene inayenda. Kenako fufuzani pa intaneti kuti mtundu umenewo anthu akuugula bwanji kunja. Data imene timathera pa TikTok tsiku limodzi ikwanira. Ngati ndi yoti singadzukenso, magalasi ake, nyali, zitseko ndi zizindikiro zake zingapulumutse inzake, ndipo mtengo wa zimenezo umaposa wa pa sikelo.

Kwa anzanga a m'magulu a ophunzira za uinjiniya, m'malo mothera ndalama zonse za gulu pa ma T-shirt ndi phwando lotsekera chaka, tengani galimoto imodzi yakale muidzutse. Lipirani makaniko wachikulire ngati mphunzitsi, chifukwa ndi mphunzitsidi. Kwa akuluakulu oona za pa msewu, ganizirani gulu lapadera la magalimoto a mbiri, la malipiro ochepa ndi malire a kayendedwe, monga achitira ena. Ndipo kwa inu a ndalama amene mukugula galimoto yachisanu yofanana ndi ya neba wanu, bwanji imodzi ikhale yakale ya konkuno, muikonze, anthu aziiona pa msewu Lamlungu?

Musaganize kuti nkhaniyi ikuthera pa Peugeot. Ma Subaru Legacy ndi ma Toyota Caldina a station wagon a zaka za m'ma 1990, amene lero akunyamula tomato ndi makala, adutsa kale zaka 25. Sienta imene mukuinyoza lero ndi imene zidzukulu zanu zidzafunse kuti inkaoneka bwanji, ndipo anthu ankakwanamo bwanji ochuluka chotero. Chilichonse chimadutsa pa msinkhu wina woopsa, pamene chakalamba moti sichikufunikanso koma sichinakalambe moti anthu achilemekeze. Zambiri zimafera pamenepo. Zimene zapulumuka zimapulumuka chifukwa panapezeka munthu mmodzi wamakani amene anakana kusekedwa.

Ndinapita kwa a malume Lamlungu lapitali. Ndinawapempha kuti andipatse miyezi itatu asanayankhe anyamata a sikirapu aja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, ukuganiza kuti ine ndikufuna kuigulitsa? Bambo anga anafera m'manja mwanga pa mpando wakumbuyowo. Koma mwana akufunika sukulu." Ndinalibe choyankha. Tinagwirizana chonchi: ine ndi anzanga awiri amene asiya kuseka tisonkha ya batire ndi mapulagi, bambo a pa galaja aja atithandiza, ndipo tikaidzutsa tiyesa kuibwereketsa pa maukwati. Ndalama yoyamba ipita ku fizi. Zikakanika, igulitsidwa, koma ikulira, ndipo mtengo adzatchula ndi a malume.

Mwina tilephera. Mwina pansi pake padyeka kuposa mmene tikuonera, ndipo akazi awo a malume adzakhala kuti ananena zoona kuyambira pachiyambi. Ndavomera zimenezo. Chimene sindivomera ndi kuti galimoto imene inanyamula mayi anga kupita kokandibereka ichoke pa dziko lino popanda ndi mmodzi yemwe woiyesa kiyi.

Loweruka likubwerali tikhala tili ku Maselema kuyambira 8 koloko m'mawa. Choyamba ndi kusamutsa nkhuku za a mlonda. Amene akufuna kudzaseka abwere, koma abwere atavala zoti zingade, chifukwa tikufunika anthu okankha.